Hugh Dowding

Hugh Caswall Tremenheere Dowding (24 Epulo 1882 – 15 Febuluwale 1970) anali mkulu wa asilikali a ndege zankhondo a dziko la Britain. Amadziwika kwambiri chifukwa chotsogolera Fighter Command, nthambi ya Royal Air Force yolimbana ndi ndege za adani, pa nkhondo ya m'mlengalenga ya mu 1940 yotchedwa Battle of Britain. Ngakhale asilikali ake anapambana, iye anachotsedwa paudindo pasanathe mwezi nkhondoyo itatha.

Ubwana ndi kulowa usilikali

Dowding anabadwira m'tauni ya Moffat ku Scotland, komwe bambo ake ankaphunzitsa. Anaphunzira ku Winchester College, kenako kusukulu ya usilikali ya ku Woolwich. Mu 1900 analowa m'gulu la asilikali oombera mizinga, ndipo anagwira ntchito ku Gibraltar, Ceylon, Hong Kong ndi India. Atabwerera ku England anaphunzira kuyendetsa ndege ku Brooklands, n'kulandira chiphaso mu Disembala 1913. Chaka chotsatira analowa mu Royal Flying Corps, gulu la ndege la asilikali apamtunda.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse

Mu 1915 anapatsidwa udindo wotsogolera gulu la ndege la nambala 16 ku France. Pa nkhondo ya ku Somme mu 1916 anasemphana maganizo ndi mkulu wake, Hugh Trenchard. Dowding ankafuna kuti oyendetsa ndege otopa azipatsidwa nthawi yopuma, pomwe Trenchard ankafuna kuti ndege zizipitabe kukaukira adani. Dowding anabwezedwa ku England, ndipo anamaliza nkhondoyo akuyang'anira maphunziro a asilikali. Anthu ankamutchula dzina loti Stuffy chifukwa anali wosalankhulalankhula ndiponso wosakonda nthabwala.

Kukonzekera nkhondo ina

Nkhondo itatha anakhalabe mu Royal Air Force, yomwe inakhazikitsidwa mu 1918. Anagwira ntchito ku Iraq ndi ku Palestine, ndipo mu 1930 anaikidwa kukhala woyang'anira zipangizo ndi kafukufuku. Ali paudindowu analimbikitsa zopanga ndege zaliwiro za Hurricane ndi Spitfire. Mu 1935 anavomereza kuti ndalama ziperekedwe ku ntchito ya Robert Watson-Watt yopanga radar, makina otha kudziwa kuti ndege ikubwera idakali kutali.

Mu Julayi 1936 anakhala mtsogoleri woyamba wa Fighter Command, yomwe likulu lake linali ku Bentley Priory pafupi ndi London. Kumeneko anakonza njira yomwe pano imadziwika ndi dzina lake. Makina a radar a m'mphepete mwa nyanja ndi anthu oyang'ana kumwamba ankatumiza uthenga pa telefoni kupita kulikulu. Uthengawo unkasefedwa n'kuikidwa pa mapu aakulu a patebulo, kenako oyendetsa ndege ankauzidwa pa wailesi komwe adani ali. Izi zinkapulumutsa mafuta ndi mphamvu za asilikali, chifukwa ndege sizinkangoyendayenda m'mwamba kufunafuna mdani.

Nkhondo ya mu 1940

Germany italowa m'dziko la France mu Meyi 1940, boma la France linapempha ndege zambiri. Dowding anakana pamaso pa nduna yaikulu Winston Churchill, ndipo pa 16 Meyi analemba kalata yochenjeza kuti anatsala ndi magulu a ndege 36, pomwe kuteteza Britain kunkafuna magulu 52. Ndege zina zinatumizidwabe, koma chenjezo lakelo linathandiza kuti Fighter Command isathere ku France.

Battle of Britain inamenyedwa kuyambira pa 10 Julayi mpaka pa 31 Okutobala 1940. Dowding ndi Keith Park, yemwe ankateteza London ndi kum'mwera chakum'mawa kwa England, ankatumiza ndege m'magulu ang'onoang'ono ndi kusinthanitsa magulu otopa ndi ochokera kumpoto. Pa asilikali a ndege pafupifupi 3,000 omwe anamenya nawo, 544 anafa. Mwana wake Derek anali m'modzi mwa oyendetsa ndege pankhondoyi. Asilikali a Germany analephera kulamulira mlengalenga, ndipo pa 17 Seputembala Adolf Hitler anaimitsa ganizo lake lowoloka nyanja kukalanda Britain.

Kuchotsedwa paudindo

Akuluakulu ena, monga Trafford Leigh-Mallory ndi Sholto Douglas, ankafuna kuti ndege zambiri zizisonkhana kaye m'mwamba n'kukaukira adani pamodzi. Park ankaona kuti njirayi imataya nthawi, ndipo Dowding sanathetse mkanganowo msanga. Anadzudzulidwanso chifukwa ndege zake zinkalephera kuletsa mabomba omwe ankaponyedwa usiku ku London ndi m'mizinda ina. Pa 24 Novembala 1940 anatula pansi udindo ndipo Douglas analowa m'malo mwake. Dowding anatumizidwa ku United States kukayendetsa nkhani zogula ndege, ndipo anapuma pantchito mu Julayi 1942.

Mamendulo ndi ulemu

Mu 1919 analandira mendulo ya Companion of the Order of St Michael and St George, ndipo mu 1928 ya Companion of the Order of the Bath. Mu 1933 anakhala Knight Commander of the Order of the Bath, ulemu womwe unamupatsa dzina la Sir. Mu 1937 anakwezedwa kukhala Air Chief Marshal, n'kulandiranso Knight Grand Cross of the Royal Victorian Order. Mu 1940 anapatsidwa Knight Grand Cross of the Order of the Bath, ndipo mu 1943 anakhala Baron Dowding wa ku Bentley Priory. Komabe sanapatsidwe nyota yapamwamba kwambiri ya Marshal of the Royal Air Force, zomwe zinakhumudwitsa ambiri mwa asilikali ake akale.

Imfa yake

Atapuma pantchito anayamba kukhulupirira zolankhulana ndi mizimu ya akufa, ndipo analemba mabuku pankhaniyi, kuphatikizapo Many Mansions la mu 1943. Anamwalira ku Royal Tunbridge Wells ali ndi zaka 87. Phulusa lake linaikidwa mu Westminster Abbey, pansi pa zenera lokumbukira Battle of Britain. Mu 1988 chiboliboli chake chinaimikidwa kunja kwa tchalitchi cha St Clement Danes ku London.