Daniel O'Connell ndi nkhondo ya chakhumi ku Ireland

Daniel O'Connell anabadwa pa 6 Ogasiti 1775 pafupi ndi Cahersiveen, m'chigawo cha Kerry ku Ireland, m'banja la Chikatolika. Masiku amenewo dzikolo linali m'manja mwa Angerezi, ndipo Mkatolika sankaloledwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo kapena woweruza milandu. Ali mnyamata anatumizidwa kukaphunzira ku Saint-Omer ndi ku Douai m'dziko la France, koma anathawako mu Januwale 1793, mwezi womwe anthu oukira boma anadula mutu mfumu Louis XVI. Mu 1798, chaka chomwe anayamba ntchito ya uloya, kwawo kunabukanso kuukira komwe kunaphetsa anthu zikwizikwi popanda phindu. Zinthu ziwirizi zinamukhazika pa mfundo imodzi moyo wake wonse: kumenyera ufulu ndi malamulo ndiponso kuchuluka kwa anthu, osati ndi mfuti. Iye mwini anapha munthu, John D'Esterre, pa mpikisano wowomberana mu 1815, ndipo chikumbumtima chinamuvutitsa mpaka analumbira kuti sadzachitanso zotere.

Mu 1823 anayambitsa bungwe la Catholic Association. Nzeru yake inali yoti ngakhale mlimi wosauka akhale membala popereka kobiri limodzi pa mwezi, ndipo ndalamazo zinkatoleredwa pakhomo la tchalitchi Lamulungu. Mu 1828 anapambana chisankho ku Clare ngakhale lamulo silinkamulola kukhala pampandowo, ndipo boma, poopa chipwirikiti, linasintha lamulolo mu 1829. Akatolika analowa m'Nyumba ya Malamulo ku London. Koma nthawi yomweyo boma linakweza kuchuluka kwa chuma chofunika kuti munthu avote, kotero alimi ang'onoang'ono ambiri omwe anamuvotera ku Clare anataya voti yawo.

Alimiwo anali ndi bala lina lomwe ufulu wa 1829 sunapoletse. Mwa anthu khumi alionse a ku Ireland, asanu ndi atatu anali Akatolika, mmodzi wa mpingo wa Anglican, ndipo pafupifupi mmodzi wa mpingo wa Presbyterian. Komabe lamulo linkakakamiza mlimi aliyense kupereka chakhumi cha zokolola zake kwa m'busa wa Anglican wa m'dera lake, chifukwa mpingowo, wotchedwa Church of Ireland, ndiwo unali mpingo wa boma. Chakhumichi chisasokonezedwe ndi mtulo womwe mkhristu amapereka ku mpingo wake mwa kufuna kwake. Uwu unali msonkho, wotoleredwa mokakamiza, wopita ku tchalitchi chomwe woperekayo sanapondemo phazi. Kum'mwera kwa dzikolo ankadula chakhumi ngakhale pa mbatatesi, chakudya chokhacho cha amphawi. Mlimi Wachikatolika ankathandizanso wansembe wake, ndiye kuti ankasenza mipingo iwiri pamutu umodzi.

Kukana kulipira sikunayambitsidwe ndi O'Connell. Kunayambira ku Graiguenamanagh, m'chigawo cha Kilkenny, kumapeto kwa 1830, pomwe bambo mfumu wa parishiyo, Bambo Martin Doyle, analimbikitsa akhristu awo kuti asapereke. Ambuye James Doyle, Episkopi wa Kildare ndi Leighlin, anaikira kumbuyo maganizowo m'makalata awo. Njira yake inali yosavuta koma yofuna aliyense. Apolisi akaoneka kuti akubwera kudzalanda ng'ombe, belu la tchalitchi linkalira, ndipo ziweto zinkatsekeredwa kapena kuthamangitsidwira kutali. Ng'ombe zikalandidwa n'kuikidwa pa malonda, khamu linkasonkhana n'kungoima chete, popanda wotchula mtengo. Munthu mmodzi yekha wogula akanagwetsa zonse. N'chifukwa chake mphamvu ya gululi inali yoti silinkafunsa munthu kuti ndi wa chipani chanji. Munali alimi olemera ndi aganyu, okonda ulamuliro wa London ndi odana nawo, ndipo a Presbyterian ambiri a kumpoto, omwenso ankalipira msonkho womwewo, ankadana nawo chimodzimodzi.

Magazi anakhetsedwa ndithu. Ku Newtownbarry mu Juni 1831 asilikali anawombera khamu pa malonda a ng'ombe n'kupha anthu oposa khumi. Mu Disembala chaka chomwecho, ku Carrickshock, anthu anapha apolisi oposa khumi m'kanjira kopanikiza. O'Connell anaimira ena mwa oimbidwa mlanduwo m'khoti, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka wolakwa. Ku Rathcormac, mu Disembala 1834, anthu osachepera 12 anaphedwa pofuna kulanda katundu wa mayi wamasiye yemwe ngongole yake inali masheleni 40. Boma litayesa kutolera lokha ngongolezo, linawononga ndalama zambiri kuposa zomwe linapeza. Nawonso abusa a Anglican ambiri, ena mwa iwo anthu abwino omwe sanapange lamulolo, anagwa mu umphawi ndi mabanja awo.

Apa ndi pomwe mbiri ya O'Connell imavuta kuiweruza. Mtima wake unali pa nkhani ina, yothetsa mgwirizano wa 1801 womwe unatseka Nyumba ya Malamulo ya ku Dublin. Pa chisankho cha 1832 anamangirira mkwiyo wa chakhumi ku nkhani imeneyo, ndipo anapita ku London ndi aphungu 39, atatu mwa iwo ana ake. Kwa m'Presbyterian wa ku Ulster, yemwe ankadana ndi chakhumi koma ankaopa nyumba ya malamulo yodzaza Akatolika, uthenga unamveka bwino: kulimbana ndi msonkhowo tsopano kunali kulowa chipani cha O'Connell. Ambiri anabwerera m'mbuyo. M'busa wawo wotchuka, Henry Cooke, anapezerapo mwayi wolalikira kuti Aprotestanti onse agwirizane ndi mpingo wa boma, ngakhale ankaulipira monyinyirika.

Kenako mu 1835, pa msonkhano wa ku Lichfield House ku London, O'Connell anagwirizana ndi chipani cha Whig kuti agwetse boma la Robert Peel. Analigwetsadi, ndipo analigwetsera pa nkhani yomweyi: a Whig ankati chuma chotsala cha Church of Ireland chizithandiza anthu onse, monga pa maphunziro. Mgwirizanowo unabala zipatso zooneka. Thomas Drummond, yemwe anapatsidwa udindo waukulu m'boma ku Dublin, analeka kutumiza apolisi ndi asilikali kukatolera chakhumi, ndipo mu 1836 Michael O'Loghlen anakhala Mkatolika woyamba kukhala woweruza patapita zaka pafupifupi 150. Izi sizinali zochepa kwa anthu omwe anaika maliro ku Rathcormac.

Koma mnzako akakhala m'boma, pakamwa pamalemera. Nyumba ya Lords inakana kawiri konse mfundo yogawa chuma cha mpingo ija, ndipo mu 1838 a Whig anaisiya. Lamulo lomwe linadutsa chaka chimenecho linachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a chakhumi, linakhululuka ngongole zakale, n'kunena kuti wolipira akhale mwini munda, osati wobwereka. Eni minda ambiri anangowonjezera ndalamazo pa lendi. Msonkho sunafe, unangobisala, ndipo unabisala pamalo pomwe belu la tchalitchi silikanathandiza, pakuti wokana lendi ankathamangitsidwa pamunda. O'Connell anavomereza lamulolo kuti boma la anzake lisagwe. Yemwe anamudzudzula kwambiri chifukwa chofewa pa nkhaniyi anali William Sharman Crawford, Mprotestanti ndiponso mwini minda wa ku Down, amene ankafuna kuti chakhumi chithetsedwe chonse. Munthu wotereyo ndiye anali mlatho wopita kumpoto, koma awiriwa anakangana poyera mpaka kusiyana. O'Connell atapita ku Belfast mu Januwale 1841, anachita kulowa mumzindawo mozemba, ndipo mazenera a nyumba yomwe anagona anaswedwa ndi miyala.

Zaka zake zomaliza zinapita ku nkhani ya nyumba ya malamulo ija. Mu 1843 anachititsa misonkhano ikuluikulu, waukulu koposa pa phiri la Tara pa 15 Ogasiti, tsiku la Maria Wokwezedwa Kumwamba. Boma litaletsa msonkhano wa ku Clontarf mu Okutobala n'kutumiza asilikali, iye anauimitsa kuti anthu asafe. Anamangidwabe mu 1844 kwa miyezi itatu. Mu 1846 achinyamata a gulu la Young Ireland, momwe munali Akatolika ndi Aprotestanti, anatuluka m'bungwe lake, ndipo china mwa zomwe zinawakwiyitsa chinali choti ankafunanso kugwirizana ndi a Whig. Apo n'kuti mbatatesi itayamba kuola m'minda ndipo njala yaikulu itagwa.

Mu Febuluwale 1847 anaimirira komaliza m'Nyumba ya Malamulo kupempha chakudya cha anthu ake, mawu ake osamvekanso bwino chifukwa cha matenda. Ananyamuka ulendo wa ku Roma, koma anamwalira panjira, ku Genoa, pa 15 Meyi 1847. Monga anapemphera, mtima wake unatengedwa kupita ku Roma, ndipo thupi lake linaikidwa ku manda a Glasnevin ku Dublin, manda omwe iye anathandiza kutsegula kuti anthu a mipingo yonse aziikidwamo ndi mapemphero a mpingo wawo. Church of Ireland inaleka kukhala mpingo wa boma ndi lamulo la 1869, patapita zaka 22 iye atamwalira.