Frederick Njilima, Msilikali wa Maina Aŵiri

Munthu wofuna kulondola mbiri ya Frederick Njilima m'mabuku a asilikali a ku Mangalande angatope pachabe akamafufuza dzina la makolo ake lokha. Iye adali ndi dzina linanso lachizungu, ndipo olemba mbiri amamutchula Frederick Gresham Njilima.

Bambo ake, a Duncan Njilima, adali munthu wamalonda wolemera ndiponso mnzawo wa Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Pofuna kuti ana awo apate maphunziro apamwamba, adalola kuti Frederick ndi mbale wake Matthew apite ku Amereka mothandizidwa ndi Mbusa Landon Cheek, yemwe adatumikira pa mishoni ya Providence kuyambira 1901 mpaka 1906.

Anyamatawo ali kutsidya kwa nyanja, kuno kudagwa zoopsa. Mu November 1914 a Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosaŵakhudza. Pa 23 January 1915 anthu awo adaukira azungu, koma Boma lidaŵagonjetsa m'masiku oŵerengeka. A Duncan Njilima adaŵanyonga chaka chomwecho.

Apa ndi pamene mbiriyi imazunguza mutu. Mwana wa munthu wonyongedwayo adaoloka kupita ku Mangalande, nakavala yunifolomu ya Mfumu yomwe Boma lake lidapha atate ake. Adamenya nkhondo ku France, adavulala, ndipo adalandira mendulo ya Military Medal, imene idakhazikitsidwa mu 1916 kuti izipatsidwa kwa asilikali wamba oonetsa kulimba mtima. Ena angamuyese wosakonda magazi ake, koma kuweruza kotere n'kophweka kwa munthu amene sadakhalepo mlendo m'dziko la eni, thandizo lochokera kwawo litaduka mwadzidzidzi.

Mendulo ija ndiyo idateteza dzina lake. Mapepala ambiri a asilikali a nkhondo imeneyi adapsa mu 1940 pamene mabomba a Ajeremani adagwa mu London, koma olandira mendulo yotere ankalengezedwa m'nyuzipepala ya boma ya London Gazette, ndipo zithunzi za makadi a mamendulo zikusungidwa ku Kew. Anzake a kuno analibe mwayi wotere. Amuna pafupifupi 200,000 adagwidwa kukasenza katundu pa nkhondo ya Chiwaya, ndipo mdzukulu wa ku Masambanjati wofufuza za agogo ake amene adali amtengatenga amadalira zokumbukira za okalamba, pakuti ambiri mwa amunawo maina awo sadasungidwe.

Nkhondo itatha Frederick adabwerera kwawo. Adapeza tchalitchi cha ku Mbombwe chitagumulidwa ndi Boma, ndipo mishoniyo idakhala yotseka kufikira 1926 pamene Dr Daniel Malikebu adaitsegulanso.