Dr. Hastings Kamuzu Banda: Kuchokera ku Gwelo Kufikira ku Dzaleka

Dr. Banda, mbadwa ya ku Kasungu, anabwerera kwao pa 6 July, 1958, kudzathetsa Chitaganya. Pa 3 March, 1959, Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, naletsa chipani cha Congress, nawatsekera ku Gwelo osawazenga mlandu, ati pofuna kusunga mtendere. Anatuluka pa 1 April, 1960.

Koma atatenga ulamuliro, mphamvu yotsekera anthu osaweruzidwa sanaitaye, ndipo kuyambira 1965 ambiri anazunzikira kundende ya Dzaleka, m'mapiri a Dowa. Malamulo a dziko a 1994 ndiwo anaiikira malire.

Anamwalira ku Johannesburg pa 25 November, 1997. Moyo wao utiphunzitsa kuti ufulu wolandidwa pa tsiku la ngozi subwezedwa msanga.