Stiv Bators: chilombo cha pasiteji chomwe chinkakonda nyimbo zofatsa

Anthu omwe adamuona akuimba mumzinda wa New York m'chaka cha 1977 ankabwerera kwawo akupukusa mitu. Mnyamata woonda ngati bangoyu ankakuwa, kudzigwetsa pansi ndi kudzikulunga chingwe cha maikolofoni m'khosi.

Palibe akadaganiza kuti pakutha pa zaka ziwiri zokha, munthu yemweyo adzajambula nyimbo yachikondi yoti n'kumvera pamodzi ndi makolo. Koma izi n'zomwe adachita Stiv Bators.

Dzina lake lenileni lidali Steven John Bator, ndipo adabadwa pa 22 October 1949 ku Youngstown, m'chigawo cha Ohio ku America. Umenewu udali mzinda wa mafakitale osungunula zitsulo. Ali mnyamata, mawailesi ankalira nyimbo za magulu monga The Beatles ndi The Rolling Stones, ndipo nyimbozi zidamukhala mumtima.

Kutchuka kwake kudadza ndi gulu la Dead Boys lomwe lidayambira mumzinda wa Cleveland, ku Ohio komweko. Mu 1976 gululi lidasamukira ku New York komwe linkaimba pamalo achisangalalo otchedwa CBGB. Mwini malowo, Hilly Kristal, adakhala manijala wawo.

Chamba chawo chidali punk. Izi ndi nyimbo zazifupi, zothamanga ndi zaphokoso, zomwe achinyamata okwiya ndi moyo ankatulutsiramo ukali wawo. Woimba sankafunika mawu anthetemya, bola mphamvu.

Gululi lidatulutsa zimbale ziwiri kukampani ya Sire Records: Young, Loud and Snotty mu 1977, momwe muli nyimbo yawo yodziwika ya Sonic Reducer, ndi We Have Come for Your Children mu 1978. Dzina lidamveka, koma malonda sadayende. Kampaniyo idayamba kuwaumiriza kuti asinthe kavalidwe ndi kaimbidwe, ndipo mu 1979 gululo lidatha.

Chodabwitsa n'choti nyimbo zofewa zomwe gulu lidakanganirapo, Bators adakaziimba mwa kufuna kwake atatsala yekha.

Iye adagwirizana ndi mnzake wa kwawo, Frank Secich, yemwe adaimbako m'gulu la Blue Ash. Awiriwa adapita ku Los Angeles kwa Greg Shaw, mwini kampani yaing'ono ya Bomp! Records, yemwe ankakonda kwambiri nyimbo za m'ma 1960.

Nyimbo yoyamba kutuluka mu 1979 idali It's Cold Outside. Siidali yake. Eni ake adali The Choir, gulu la ku Cleveland, ndipo idavuta pamawailesi a mumzindawo mu 1967 pomwe Bators adali ndi zaka 17. Ndi nyimbo ya mnyamata wodandaula kuti chibwenzi chamuthawa.

Akuluakulu adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Posankha nyimboyi, woimbayu adabwerera ku zomwe adakula nazo. Chambachi amachitcha power pop: magitala amalira mwamphamvu ndithu, koma nyimbo imakhala yokoma kukhutu, mawu olandizana bwino ndi kolasi yoti aliyense n'kuimba nawo.

Kumapeto kwa 1980 adatulutsa chimbale chake cha Disconnected, chomwe adajambula ndi Secich, George Cabaniss ndi David Quinton. Muli nyimbo monga Evil Boy komanso I Had Too Much to Dream (Last Night), ya gulu lakale la The Electric Prunes.

Apa Bators adaika mbiri yake pachiswe. Omutsatira adamuzolowera ngati chilombo, pomwe okonda pop sankamudziwa. Kampani nayo idali yaing'ono poyerekeza ndi zomwe zinkalamulira mawailesi. Chimbalecho sichidamulemeretse, koma chidaonetsa kuti mkuluyu ankatha kuimba, osati kukuwa kokha.

Mu 1981 adaoneka mufilimu ya Polyester ya John Waters. Chaka chomwecho, atasamukira ku London, adatulutsa chimbale cha Only Lovers Left Alive ndi gulu la The Wanderers, momwe mudali anyamata ochokera ku Sham 69.

Kenaka adayambitsa The Lords of the New Church pamodzi ndi Brian James wa gulu la The Damned. Kuno ndi komwe ukali wa punk ndi kukoma kwa pop zidakumana. Nyimbo monga Open Your Eyes ndi Dance with Me zidafikira anthu ambiri, ndipo mu 1985 adaimbanso mwachipongwe Like a Virgin ya Madonna.

Gululi lidatha mochititsa manyazi mu 1989. Bators atatulukira kuti anzake alengeza m'nyuzipepala kuti akufuna woimba wina, adawachotsa ntchito pasiteji, anthu akuonerera, mumzinda wa London.

Imfa yake idali yomvetsa chisoni. Mu June 1990 adagundidwa ndi galimoto mumzinda wa Paris ku France, komwe ankakhala. Adapita kuchipatala, koma atadikira kwa maola angapo adachoka asadaonane ndi dokotala poganiza kuti sadavulale kwenikweni.

Adafika kunyumba n'kugona, ndipo sadadzukenso. Adamwalira pa 4 June 1990 ali ndi zaka 40. Bala losaoneka ndi maso lidatenga munthu yemwe adapulumuka zoopsa zambiri pasiteji.

Mu 1994 kampani ya Bomp! idasonkhanitsa nyimbo zomwe adajambula payekha n'kuzitulutsa m'chimbale cha L.A., L.A., ndipo mu 2019 kudatuluka filimu yofotokoza moyo wake yomwe adakonza Danny Garcia.

Ambiri amamukumbukira ndi phokoso la Dead Boys. Koma wofuna kumudziwa bwino Stiv Bators amvere It's Cold Outside, nyimbo yomwe adasankha yekha popanda womukakamiza.