Mpezeni, Mfumu ya Angoni, ndi Maina a Dziko Lathu

Owerenga athu ambiri ayendapo pa msewu wochokera ku Mchinji kunka ku Chipata, koma si onse adziwa kuti maina a malo awa asunga mbiri ya munthu mmodzi, ndiye Mpezeni mwana wa Zwangendaba.

Mpezeni anali mwana wamng'ono pamene Angoni anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, tsiku limene dzuwa linada usana. Atamwalira atate wake ku dziko la Ufipa, mtundu unagawikana, ndipo iye anatsogolera gulu lake kubwerera kumwera. Anakhala zaka pakati pa Ansenga, ndipo ankhondo ake anakwatira akazi a kumeneko; chifukwa chake ana awo anatenga chinenero cha amayi awo. Pambuyo pake analowa m'dziko la Achewa, nagonjetsa Mkanda, mfumu imene dzina lake likali pa malo a kumpoto kwa boma lathu.

Masiku amenewo Angoni analemera ndi ng'ombe, koma Achewa ambiri anathawira kumapiri, nalima mwamantha. Ena anagwidwa nasanduka Angoni.

Tsoka linadza ndi mbiri yakuti m'dzikomo muli golide. Mzungu wina wa ku Germany, Carl Wiese, analandira chilolezo kwa mfumu, nachigulitsa kwa kampani ya North Charterland. Mpezeni, pokhala wokalamba, sanafune nkhondo, koma mwana wake Nsingo ndi anyamata anakana kuti alendo atenge dziko. Mu January 1898 asilikali a Boma la ku Zomba anafika ndi mizinga, ndipo mikondo ndi zishango zinalephera. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, ndipo Nsingo anawomberedwa mu February.

Mpezeni anadzipereka, nasungidwa ngati chaka chimodzi ku linga la kuno kwathu, lotchedwa Fort Manning potsata William Manning, mkulu wa asilikali, amene pambuyo pake anakhala Bwanamkubwa wa Nyasaland. Boma la tsidya lija la malire linatchedwa Fort Jameson, dzina la Dr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Mfumu itagonja, njira inatseguka kwa amishoni: mu 1899 anamanga ku Magwero, dzina lotanthauza pochokera madzi, ndipo mu 1903 ansembe anafika ku Kachebere. Mpezeni anabwezedwa kwawo, namwalira m'chaka cha 1900.

Nkhondo zitatha, Achewa anatsika m'mapiri nalimanso m'madambo. Koma msonkho unadza, ndipo amuna opanda ng'ombe anapita kukagwira ntchito ku Harare ndi ku migodi. Malire anadula mtundu pakati, kotero kuti anthu a Mlonyeni ndi a Zulu anatsala mbali yino.

Tsono taonani mmene zinathera. Maiko awiriwa atalandira ufulu mu 1964, maina a ogonjetsa anachotsedwa. Fort Jameson inasanduka Chipata, ndiko kuti polowera, ndipo Fort Manning inatenga dzina la phiri la Mchinji. Koma dzina la wandende uja likali pa mpando wa ufumu, ndipo mwambo wa Ncwala, umene unaleka itatha nkhondo ija, unayambanso mu 1980. Tifunse akulu athu matanthauzo a maina a midzi, mitsinje ndi mapiri athu akali moyo, ndipo tiwalembe, kuti ana athu asayende m'dziko lawo ngati alendo.