Albert Schweitzer: Mbusa Amene Adabwerera M'kalasi

Kwathu kuno munthu akafika zaka 30 ali pa ntchito yolozeka, anthu amati wakhazikika. Wotereyu akadzuka tsiku lina n'kunena kuti akusiya ntchitoyo kuti akaphunzire ina, abale amaitanizana, ndipo sipalephera kupezeka wina womukumbutsa za mlenje uja adaona mawanga a nkhanga n'kutaya nkhwali. Mawu amenewa ine ndidawamva ndi makutu angawa pamene ndinkasiya ntchito ya ukalaliki kuti ndidzachite maphunziro a zilankhulo. N'chifukwa chake m'chimangirizo chino ndasankha kulongosola mbiri ya Albert Schweitzer, mbusa komanso katswiri woimba limba, amene adayamba maphunziro a udokotala ali ndi zaka 30 ndipo adakagwira ntchitoyo ku Gabon kufikira imfa yake. Ndikufuna tione zimene munthuyu adataya posintha ntchito, zimene adapita nazo, ndiponso zimene adalephera kuphunzira.

Schweitzer adabadwa pa 14 Januwale 1875 ku Kaysersberg, m'chigawo cha Alsace. Lero chigawochi chili m'dziko la France, koma pa nthawiyo chidali m'manja mwa Germany. Iye adakulira m'mudzi wa Günsbach kumene bambo ake adali mbusa wa mpingo wa Lutheran, ndipo ali ndi zaka 9 zokha adayamba kuimba limba pa mapemphero a m'tchalitchi. M'chaka cha 1893 adalowa yunivesite ya Strasbourg kukaphunzira zaumulungu ndi filosofi. Chaka chomwecho adayambanso kusulidwa pa luso la limba ndi Charles-Marie Widor, katswiri wa ku Paris. Adalandira digiri yapamwamba ya filosofi mu 1899 atalemba za maganizo a Immanuel Kant. Posakhalitsa adakhala mbusa wothandizira pa tchalitchi cha St Nicholas mumzinda wa Strasbourg, mu 1902 adayamba kuphunzitsa pa yunivesite, ndipo mu 1903 adasankhidwa kukhala mkulu wa nyumba ya St Thomas kumene kunkakhala ophunzira zaubusa. Buku lake lonena za woimba wotchuka Johann Sebastian Bach lidatuluka mu 1905, ndipo lina lofufuza mbiri ya moyo wa Yesu lidatuluka mu 1906. Kunena mwachidule, uyu sadali munthu wothawa ntchito imene yamukanika.

Ganizo losintha ntchito lidayamba kale. Mu 1896, ali ndi zaka 21, Schweitzer adavutika mumtima poona kuti iye akukhala moyo wa mwanaalirenji pamene anthu ambiri omuzungulira akuzunzika. Adatsimikiza kuti adzipereka ku maphunziro ndi nyimbo kufikira atakwanitsa zaka 30, ndipo kuchokera pamenepo adzagwira ntchito yothandiza anthu mwachindunji. Ntchito yake yeniyeniyo adali asadaidziwe. Chakumapeto kwa 1904 adawerenga nkhani m'magazini ya bungwe la amishoni la ku Paris yodandaula za kusowa kwa antchito ku mishoni yawo ya m'dera limene lero ndi Gabon. Pa 13 Okutobala 1905, ali ku Paris, adaponya makalata odziwitsa makolo ake ndi abwenzi kuti akutula pansi udindo wake wa ku St Thomas ndipo akuyamba maphunziro a udokotala.

Abale ndi abwenzi sadakondwe. Ena adati akukwirira luso limene Mulungu adampatsa. Ena adaganiza kuti mwina pali mtsikana amene wamukhumudwitsa. Widor, mphunzitsi wake uja, adamufanizira ndi mkulu wa asilikali amene akusiya udindo wake n'kunyamula mfuti kupita kutsogolo kwa nkhondo. Mayi ake omubereka sadagwirizane nalo ganizoli mpaka imfa yawo. Chimene chinkawazunguza ambiri n'chakuti ngati ankafunadi kupita ku Africa, bwanji sadangopita monga mbusa, popeza ubusawo adali nawo kale? Chifukwa chimene iye adapereka chidali chakuti adakhala zaka zambiri akulankhula za chikondi pa guwa ndi m'kalasi, tsono ankafuna ntchito imene angaonetsere chikondicho ndi manja ake, popanda kudalira pakamwa.

Zaka zotsatira ndizo zimandikhudza kwambiri. Munthu amene ankaima kutsogolo kwa ophunzira pa yunivesite ya Strasbourg adakakhala pa benchi pa yunivesite yomweyo, pamodzi ndi anyamata ongochoka ku sekondale, kuloweza maina a mafupa ndi a mankhwala. Padafunikanso chilolezo chapadera, pakuti malamulo sankalola munthu kukhala mphunzitsi komanso wophunzira pa sukulu imodzimodzi. Uku akuphunzira, adapitiriza kulalikira, kuphunzitsa zaumulungu, kulemba mabuku ndi kuyenda m'mizinda kukaimba limba kuti apeze ndalama. Mayeso omaliza adakhoza mu Disembala 1911, kenaka adachita chaka choyeserera ntchito m'chipatala ndipo adapitanso ku Paris kukaphunzira za matenda a m'maiko otentha. Digiri ya udokotala adailandira mu 1913 ali ndi zaka 38. Aliyense wa ife amene adalowapo m'kalasi limodzi ndi ana a msinkhu wa adzukulu a achimwene ake akudziwa kuti chovuta si mabuku okha. Chovuta china ndi kuvomera kukweza mkono n'kuulula pagulu kuti sunamve.

Atatsala pang'ono kumaliza, padabuka vuto lina. Akuluakulu ena a bungwe la amishoni lija, lomwelo limene linkalira kusowa kwa antchito, adakayikira chiphunzitso chake chifukwa cha zimene adalemba zokhudza Yesu. Adamulola kupita pokhapokha atalonjeza kuti akagwira ntchito ya udokotala yokha osalalikira, komanso kuti ndalama zoyendetsera chipatala azipeza yekha. Motero Schweitzer adayenda khomo ndi khomo kupempha thandizo kwa abwenzi ndi akhristu anzake, naonjezera ndalama zochokera ku nyimbo ndi ku buku la Bach lija. Mu 1912 adakwatira Helene Bresslau, amene adaphunzira unamwino kuti akathandizane naye. Awiriwa adanyamuka ku Günsbach pa Lachisanu Loyera mu 1913 ndi mabokosi 70 a mankhwala ndi zipangizo, ndipo adafika ku Lambaréné, m'mbali mwa mtsinje wa Ogooué, pa 16 Epulo.

Nyumba ya chipatala imene ankayembekezera adaipeza isadamangidwe, choncho adayamba kuonera odwala m'khola lakale la nkhuku. M'miyezi 9 yoyambirira adathandiza anthu pafupifupi 2,000 odwala malungo, khate, kaodzera, kamwazi ndi zilonda zosapola. Helene ndiye ankagonetsa odwala pa opaleshoni ndi kusamala zipangizo. Pakati pa odwala oyambirirawo padali munthu wina dzina lake Joseph, amene kale adali khukhi ndipo ankalankhula bwino Chifalansa. Schweitzer adamulemba ntchito yotanthauzira ndi yothandiza m'chipatala. Poti Joseph adaphunzirira ziwalo za thupi kukhitchini, ankati akamafotokoza pamene wodwala akumva kupweteka, ankatchula maina amene ophika amapatsa nthuli za nyama. Tisamuiwale Joseph ameneyu, chifukwa nayenso adasintha ntchito ali wamkulu.

Ntchitoyi isadapite patali, mu 1914 kudabuka Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Popeza Schweitzer ndi mkazi wake adali nzika za Germany zokhala m'dera lolamulidwa ndi France, adayamba kulonderedwa ngati adani. M'nyengo imeneyi, mu 1915, ali pa ulendo wa pa mtsinje wa Ogooué, m'pamene adapeza mfundo imene adadziwika nayo pambuyo pake, yakuti maziko a khalidwe labwino ndi kulemekeza moyo wa cholengedwa chilichonse. Mu 1917 awiriwa adatengedwa kupita ku France kumene adasungidwa m'misasa ya akaidi ku Garaison ndi ku Saint-Rémy-de-Provence. Adabwerera ku Alsace mu 1918 ali odwala, ali ndi ngongole zambiri za chipatala, ndipo mayi ake a Schweitzer adali atamwalira mu 1916 atagundidwa ndi akavalo a asilikali. Pamenepa anthu aja ankamuletsa akadatha kunena kuti zimene ankaopa zachitika.

Chimene chidamudzutsa ndi ntchito zake zakale zija. Mu 1920 Arkibishopu Nathan Söderblom adamuitana kukakamba nkhani pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden, namulimbikitsa kuti ayende m'dzikomo akuimba limba ndi kufotokoza za chipatala chake. Ndalama zimene adapeza zidabweza ngongole zija. Kuyambira pamenepo, nthawi zonse akabwera ku Ulaya ankayenda m'maiko osiyanasiyana kuimba ndi kukamba nkhani pofuna kupezera ndalama chipatala. Ngakhale ku Lambaréné, madzulo ankaimba piyano yapadera yokhala ndi zopondera ngati za limba, imene adampatsa anzake a bungwe loimba nyimbo za Bach ku Paris, kuti zala zisaiwale. Apa ndipo pali yankho langa kwa ondikumbutsa za nkhwali aja: munthuyu nkhwali yake sadaitaye, ndipo ndi yomweyo idadyetsa ntchito yatsopanoyo pa nthawi ya njala.

Komabe padali zina zimene zidatayikadi. Pamene ankabwerera ku Lambaréné mu 1924, ali ndi zaka 49, Helene sadathe kupita nawo chifukwa cha chifuwa chachikulu. Adatsala ku Germany ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Rhena, amene adabadwa mu 1919 ndipo adakula osawaona bambo ake kawirikawiri. Mtengo wa ganizo la munthu mmodzi udalipidwa ndi anthu atatu. Ku Lambaréné adapeza nyumba zambiri zitagwa ndipo thengo litamera. M'mawa ankakhala dokotala, masana mmisiri womanga. Njala ndi mliri wa kamwazi zitachulukitsa odwala, adamanga chipatala chatsopano pa malo aakulu, makilomita atatu kumtunda kwa mtsinje, ndipo odwala adasamukirako mu 1927. Adalandira mphoto ya mtendere ya Nobel ya chaka cha 1952, ndipo ndalama zake adamangira mudzi wa odwala khate. Mu 1957, chaka chimene Helene adamwalira, uthenga wake wodzudzula kuyesa mabomba a nyukiliya udaulutsidwa pa wailesi kuchokera ku Oslo. Iye adamwalira pa 4 Sepitembala 1965 ali ndi zaka 90, ndipo adaikidwa ku Lambaréné komweko.

Mbiriyi ikadathera pamenepa ikadakhala yokoma, koma ikadakhala yosakwanira. Chakumapeto kwa moyo wake anthu ambiri adayamba kumudzudzula. Ena adati chipatala chake chidatsalira m'mbuyo, poti mbuzi ndi nkhuku zinkangoyendayenda ndipo abale a odwala ankaphika pabwalo. Pa mfundo ya abaleyi ine sindimuweruza, chifukwa ngakhale m'zipatala zathu timadziwa ntchito imene magadiyani amagwira. Chidzudzulo chimene ndimachiona kuti n'cholemera ndi cha momwe ankaonera Afirika. Iye ankawatenga ngati abale ake, koma abale aang'ono oyenera kulamulidwa. Pa zaka zonse zimene adatsogolera chipatalacho, madokotala ankachokera kunja, ndipo eni dziko ankathera pa ntchito yothandizira. Sikuti Afirika sakadatha udokotala: Daniel Malekebu wa kwathu kuno adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1917, patangopita zaka 4 chilandirire Schweitzer digiri yake. Mwayi wobwerera m'kalasi umene iye adadzipatsa, anthu onga Joseph sadawapatse.

Kwa ife ophunzira zilankhulo pali chinthu chinanso chowawa. Schweitzer ankalankhula Chijeremani ndi Chifalansa, ndipo ankawerenga Chilatini, Chigiriki ndi Chihebri. Koma pa zaka zoposa 50 kuchokera pamene adafika ku Lambaréné, sadaphunzire mokwanira zilankhulo za Afang ndi Agalwa amene ankawachiza. Polankhula ndi odwala, ngakhalenso polalikira amishoni a kumeneko atamumasula ku lonjezo lake lija, ankadalira omasulira. Munthu amene adadzichepetsa kukhala pa benchi ku Strasbourg zaka zoposa 6 sadaone chifukwa chokhalira pa mphasa ya anthu a ku Ogooué kuti iwonso amuphunzitse. Wodwala amafotokoza ululu wake, mantha ake ndi chimene akuganiza kuti chamudwalitsa m'chilankhulo chake. Dokotala womva zonsezi kudzera mwa munthu wina amamva zimene womasulirayo wasankha kumuuza.

Pomaliza, mbiri ya Schweitzer yandiphunzitsa kuti kusintha ntchito munthu utakula n'kotheka, koma kumafuna kukonzekera kwa nthawi yaitali. Iye adaliganizira zaka 9 asadaponye makalata aja, ndipo padapitanso zaka zoposa 7 asadaone wodwala woyamba ku Lambaréné. Anthu ambiri amene ankabwera kudzamufunsa nzeru pofuna kutengera chitsanzo chake ankawabweza akaona kuti angotopa ndi ntchito yawo kapena akufuna kutchuka. Yandiphunzitsanso kuti luso lakale silitayidwa, ndiponso kuti a pabanja ayenera kufunsidwa chifukwa nawonso amasenza katunduyo. Koma chachikulu n'chakuti kubwerera m'kalasi sikuthera pa tsiku lolandira digiri. Ine ndikadzamaliza maphunziro anga ndidzapita kukagwira ntchito pakati pa anthu amene amadziwa chilankhulo chawo kuposa ine, ngakhale ambiri a iwo sadaione yunivesite. Ndikadzaiwala kuwafunsa, ndidzakhala nditalakwa pomwe Schweitzer adalakwa, popanda chipatala chimene iye adasiya.