James Radclyffe, Earl Wotsiriza wa Derwentwater

Ku England kuli maina a ulemu amene mwana amalowa atamwalira atate wace, ndipo limodzi la mainawo ndilo Earl. Dzina la Earl wa Derwentwater silinakhalitse. Mfumu James II inalipereka m'caka ca 1688 kwa Francis Radclyffe, Mkatolika wa minda yambiri ku Northumberland, ndipo linathera pa mdzukulu wace.

Mdzukuluyo, James, anabadwa mu 1689. Mai wace anali mwana wa mfumu Charles II, cotero mwa iye munali mwazi wa banja lacifumu la Stuart, ndipo ubale umenewu ndiwo unadzamphetsa. Analeredwa ku Saint-Germain, m'dziko la France, kumene banjalo linathawira litalandidwa ufumu, nakulira pamodzi ndi James Stuart, mwana wa mfumu yothawayo. Analowa dzina mu 1705, ndipo atafika kwao ku Dilston anthu anamkonda cifukwa ca kupatsa kwace.

Mu 1715 otsata banja la Stuart anaukira mfumu George I. Boma, pomkayikira James, linatuma anthu kukamgwira asanacite kanthu. Iye anayamba wabisala, koma pambuyo pace anatuluka pamodzi ndi mng'ono wace Charles nalowa m'gulu la oukirawo. Kunena zoona sanali munthu wa nkhondo, ngakhalenso mtsogoleri wao Thomas Forster sanaidziwe nchitoyo. Mwezi wa November anagonja ku Preston.

Pa mlandu ku London anabvomera kulakwa, poyembekeza cifundo. Mkazi wace Anna Maria Webb anakagwada pamaso pa mfumu kumpepesera, koma osaphula kanthu. Pa 24 February 1716 anapita naye ku Tower Hill, ndipo ali pomwepo anabweza mau ace obvomera kulakwa aja, nanena poyera kuti mfumu yace ndi James Stuart, ndi kuti alikufa Mkatolika. Anamdula mutu ali ndi zaka 26.

Dzina la Earl linafafanizidwa mwa lamulo. Mwana wace John anamwalira mu 1731 osasiya mbeu, ndipo mu 1735 minda inaperekedwa ku Greenwich Hospital, nyumba yosungiramo amalinyero okalamba. Charles, amene anathawa m'ndende mu 1716, anagwidwanso nadulidwa mutu pa Tower Hill pomwepo mu 1746. Nyumba yaikulu ya ku Dilston inagwetsedwa, koma kachalichi kamene anaikamo mtembo wa James kalipobe, ngakhale mafupa ace anasamutsidwira ku Thorndon, ku Essex, mu 1874.